Mdzukulu wa ku Manchester wati "iwe" kwa agogo ake

Mayi wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Manchester wanditumizira imelo yodandaula. Apongozi awo atafika kuchokera ku Dedza, mwana wamkazi wa mayiwa wa zaka 7, wobadwira komweko, anawalonjera ali chiimire, analandira thumba la mtedza ndi dzanja limodzi, kenako n'kuwafunsa akuwayang'ana m'maso kuti, "Iwe wabwera pa ndege?" Agogowo anangoti kukamwa yasa. Mayiwa akufunsa ngati mwanayu wasowa mwambo, ndiponso ngati kamkwapulo kangathandize.

Amayi, ine ndikuona kuti mwana wanu sanachite chipongwe, koma anapereka ulemu wa kusukulu kwake kwa munthu amene amayembekezera ulemu wa ku Dedza. Ku Britain mphunzitsi amafuna kuti mwana azimuyang'ana kumaso akamalankhula naye, ndipo wozolika amamuganizira kuti akubisa kanthu, pamene kwathu kuzolikako ndiye chizindikiro cha mwana woleredwa bwino. Inunso ndikhulupirira kuti kuntchito mumaitana nkhalamba ya zaka 90 ndi dzina lake lenileni chifukwa ndi zimene imafuna, chinthu chimene simungayerekeze kuchita kwa apongozi anu, amene ngakhale amuna awo amawatchula ndi mfunda, kuti Nabanda kapena Naphiri.

Mawu akuti "iwe" ndiwo anabaya kwambiri. Chingerezi cha masiku ano chili ndi liwu limodzi lokha loitanira mfumu ndi khanda lomwe, motero mwana amene mutu wake umaganiza m'Chingerezi amangotola liwu la Chichewa limene amalimva kawirikawiri. Liwulo ndi "iwe", popeza ndi limene inu makolo mumamuitanira tsiku lililonse. Ngati m'nyumbamo mulibe wamkulu wina woti azimva inu mukumunena kuti "inu" kapena "awa", akanaliphunzira kuti? Ndipo si ife tokha amene timasiyanitsa: Afalansa ali ndi tu ndi vous, Ajeremani du ndi Sie. Ku Sweden anachita kusiya dala kusiyanitsako, makamaka kuyambira mu 1967 pamene Bror Rexed, mkulu wa bungwe la boma loona za umoyo, analengeza kuti aziitana wantchito aliyense kuti du, kutanthauza "iwe". Kwa iwo kufanana ndiye kunakhala ulemu.

Za mkwapulo ndikukuletsani. Ku Scotland kumenya mwana kunaletsedwa kotheratu mu 2020, ku Wales mu 2022, ndipo ngakhale ku England lamulo la 2004 limalolabe chilango chopepuka, mkwingwirima umodzi wooneka kusukulu ungakubweretsereni a zosamalira ana pakhomo. Komanso mwana angamangire agogo ake chakukhosi, poona kuti kubwera kwawo ndiko kwamuputira zikoti.

Mphunzitsi wabwino muli naye kale m'nyumbamo. Apempheni agogowo, kudzera mwa mwana wawo, amuna anuwo, osati inu mwachindunji, kuti amuonetse mdzukuluyo kunyonyomala popereka madzi osamba m'manja, kulandira ndi manja awiri, ndi kuyankha kuti "wawa" akaitanidwa. Inuyo muzichita zomwezo iye akuona, ndipo mumufotokozere momveka kuti zimenezi ndi za kwa agogo ndi akuluakulu a kwathu, pamene Lolemba akabwerera kusukulu aziwayang'anabe aphunzitsi ake kumaso.