Agogo anakhalako kundende, mapepala a mlandu wawo ndikawapeze kuti?

FUNSO: Zikomo alangizi. Ine ndine mayi wa ana awiri, ndikukhala ku Joni koma kwathu ndi ku Thyolo. Pamaliro a mayi anga ndi pomwe ndinamva koyamba kuti agogo aamuna, bambo awo a mayi, anakhalako kundende ya Zomba nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Amalume akuti anamangidwa chifukwa cha Kongeresi koma amayi aang'ono anandinong'oneza kuti ayi, anamenya kapitawo wa ku esiteti ya tiyi mpaka kumuvulaza. Agogowo anamwalira ndili khanda, watsala ndi mlongo wawo yekha koma akalamba zedi. Ndikufuna zoona zake kuti ana anga akadzafunsa ndisadzawanamize. Mapepala a khoti a nthawi imeneyo alipobe? Ndiyambire pati?
Mdzukulu wa ku Thyolo, Johannesburg

YANKHO: Achemwali pepani ndi maliro a mayi. Mapepala ambiri alipo, koma musanaganize za Zomba yambani ndi gogo watsalayo, ndipo musachedwe chifukwa fayilo ikudikirani koma gogoyo sadikira. Mukapita kumudzi khalani nawo pakhonde anthu atachepa, osati pagulu, ndipo osayamba ndi "kodi anapalamula chiyani" chifukwa akuluakulu akamva choncho amangoti zinapita zimenezo mwanawe. Afunseni zozungulira. Anabwera kudzawatenga ndani, apolisi kapena mesenjala wa kwa mfumu? Kunali kolima kapena kokolola? Mayi anu anali atabadwa, akuyamwa kapena akuyenda? Anakhala miyezi ingati, nanga alipo wam'mudzi anatengedwa nawo limodzi? Apempheni kuti mujambule mawu pafoni. Chaka sadzakuuzani koma msinkhu wa mwana uja ndi umene ukupatseni chaka.

Chakacho n'chofunika chifukwa ku Thyolo kunachitika zinthu ziwiri zosiyana ndipo m'mabanja zimasakanikirana. Mu August 1953, chitaganya chikungoyamba kumene, kunabuka zipolowe m'maesiteti a kumeneko, anthu atatopa ndi thangata komanso nkhani za malo, anatseka misewu, zipolowezo zinafalikira m'maboma ena a kummwera, onse pamodzi anthu 11 anaphedwa ndipo ambiri anakaonekera kukhoti n'kulamulidwa kukaseweza. Amenewo mlandu wawo unalembedwa. Ndiye mukaona bwino zonena za amalume ndi za amayi aang'ono zikhoza kukhala nkhani imodzi yomweyo, munthu kumenya kapitawo pakati pa chipolowe cha ndale. Koma 1959 ndi ina. Pa 3 March chaka chimenecho bwanamkubwa Robert Armitage analengeza State of Emergency, asilikali n'kuyamba kutola anthu a Kongeresi ija, Nyasaland African Congress, m'bandakucha, ndipo oposa 1,000 anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu uliwonse, ena ku Kanjedza ku Limbe, ena anawatumiza ku Khami pafupi ndi Bulawayo, Kamuzu anali ku Gwelo. Ngati agogo anali m'gulu ili mudzafufuza fayilo ya khoti mpaka kutopa osaipeza poti kukhoti sanapiteko, dzina lawo likhala m'mindandanda ya otsekeredwa basi.

Tsopano kwa mapepala. Malo oyamba ndi National Archives ku Zomba, yomwe inatsegulidwa mu 1947, kumeneko ndi kumene kuli mafayilo a boma la atsamunda, mabuku a ma DC, zina za makhoti, Gazette ndi nyuzi zakale ngati Nyasaland Times. Dziwani kuti makhoti anali amitundu itatu. Milandu ing'onoing'ono, ya msonkho, ya ndewu za m'mudzi, kapena kukana malimidwe aja ankakakamiza m'ma 1950, yambiri inkathera kubwalo la mfumu lomwe boma linalipatsa mphamvu kuyambira 1933, ndipo mabuku a mabwalo amenewa ndi omwe anatayika kwambiri, ena chiswe chinadya. Kuvulaza munthu kunkapita kwa majisitireti pa boma, nthawi zambiri anali DC yemweyo. Milandu yakupha inkapita ku High Court ndipo imeneyo ndiyo inalembedwa bwino kuposa yonse chifukwa chilango chonyonga chinkayenera kudutsa kwa bwanamkubwa kuti avomereze kapena achepetse.

Apa pali pomwe anthu ambiri amagwa ulesi msanga. Mukafuna Thyolo simuipeza, nthawi imeneyo ankalemba Cholo, Mulanje ndi Mlanje, Nsanje inali Port Herald, Mangochi Fort Johnston. Dzinanso la agogo kalaliki ankalemba mmene wamvera, L ndi R kusinthana, mwina dzina limodzi lokha kenako la bambo awo, mwina dzina la kuntchito lomwe mzungu anawapatsa ku esiteti lomwe inu simunalimvepo. Lembani mayina onse omwe ankadziwika nawo, la ubwana, la ubatizo, la mfunda, komanso nyakwawa ndi mfumu yaikulu ya dera lawo, chifukwa m'mapepala a boma munthu ankamuzindikira ndi mudzi ndi mfumu yake. Poti muli ku Joni mutha kuyamba pa intaneti ndi katalogi ya National Archives ya ku Kew, London, kusaka n'kwaulere, makalata a Nyasaland ali pansi pa CO 525 ndipo mafayilo omwe Angerezi anazembetsa pochoka ali pa FCO 141. Dzina la munthu wamba silimaoneka kawirikawiri pamutu wa fayilo, sakani ndi dzina la boma lawo, monga Cholo, ndi chaka. Koma Zomba ndiye muyenera kupitako nokha kapena kutuma wachibale wodekha, wokhala ndi chiphaso chake ndi kope, osati wothamanga kuti abwerere tsiku lomwelo. Musaiwalenso kutchalitchi, ngati anali a CCAP mabuku a sesheni ankalemba munthu akadulidwa ndi chifukwa chake.

Fayilo mukaipeza muiwerenge modekha mtima. Agogo anayankhula Chinyanja kapena Chilomwe, womasulira n'kutembenuza, mzungu n'kulemba m'Chingerezi zomwe iye waona kuti n'zofunika, nthawi zambiri popanda loya, ndiye mawu ali papepalapo si onse omwe anatuluka pakamwa pawo. Komanso ine sindingakuuzeni kuti aliyense womangidwa nthawi ya atsamunda anali ngwazi, ayi, ena anavulazadi anzawo. Mukapeza kuti ndi choncho ana anu muwauze momwemo, pamodzi ndi mmene moyo wa pa esiteti unalili. Ndipo chonde musathamangire kuika chithunzi cha fayiloyo pa Facebook amalume ndi gogo uja asanamve kuchokera kwa inu, kumbukirani kuti kapitawoyo nayenso ali ndi zidzukulu, mwina zikutunga madzi pamjigo umodzi ndi abale anu.

FUNSO: Agogo anga anali a Mboni za Yehova, anatsekeredwa ku Dzaleka nthawi ya Kamuzu. Ndinapita kukhoti kwathu akuti palibe chilichonse. Andibisira?
Wowerenga wa ku Mchinji

YANKHO: Achimwene sindikuganiza kuti akubisirani. Mpingowo unaletsedwa mu 1967 ndipo nthawi imeneyo anthu ambiri ku Dzaleka ndi ku Mikuyu ankangotsekeredwa ndi lamulo la chitetezo cha dziko osaonekera kwa majisitireti, ena anaweruzidwa mwachangu m'magulu, ndiye kalaliki wa lero sangakupezereni kanthu m'kabati mwake, zakale chotero sizikhalanso pakhoti la pa boma. Funsani kubanja ngati agogo kapena ana awo anakadandaula ku National Compensation Tribunal, bungwe lomwe malamulo a 1994 anakhazikitsa kuti lipepese ozunzidwa mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Odandaula ankalemba okha tsiku lomwe anatengedwa, malo ndi zomwe analandidwa, ndipo mwina banja linasunga kope lake m'sutikesi pamodzi ndi makadi akale. Pitaninso kwa akulu a mpingo wawo, omwe anakhala nawo ku Dzaleka ena akadalipo ndipo amadziwana mayina.