Anaphunzira limodzi, ukalamba wawo n'kusiyana: mwana wanga alowere kuti?

Mayi wina wa ku Ulónguè walemba kuti bambo ake, omwe anaphunzira uphunzitsi m'zaka za m'ma 1980, anakumana ndi anzawo a kusukulu pamaliro mwezi wathawu. Ena akulandira penshoni ndipo akulima kwawo mwamtendere. Mmodzi, amene anataya choko n'kupita kumigodi ya ku Moatize, ankasiririka zaka zimenezo, koma lero akudyera m'manja mwa ana ake. "Mwana wanga wamkazi akumaliza kalasi 12 ndipo akufuna uphunzitsi. Ine ndinkamukankhira ku za migodi, koma tsopano mutu waima. Kodi ndi maphunziro ati amene amasunga munthu mpaka kuukalamba?"

Mayi, musafulumire kuweruza maphunzirowo. Anthu amenewa anakhala m'kalasi imodzi, anatenga pepala limodzi, ndiye chimene chawasiyanitsa chinachitika atatuluka pasukulupo.

Kumbukirani nthawi yawo. Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975 aphunzitsi anasowa kwambiri, moti wina akangomaliza kalasi 6 ankaphunzira chaka chimodzi n'kupatsidwa ana oti aziwaphunzitsa. Kenako nkhondo inafika ku Angónia ndi ku Tsangano, sukulu zambiri zinatsekedwa, anthu anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, n'kudzabwerera mtendere utasainidwa ku Roma mu 1992. Amene anabwerera m'ntchito ya boma n'kulondola mapepala awo mpaka contagem de tempo, chiwerengero cha zaka zimene anagwira ntchito, itatuluka bwino ndi amene lero amangokaonetsa nkhope kuti adakali moyo, ndalama n'kumalowa mwezi ndi mwezi. Sizochuluka ayi, koma zimabwera. Amene mapepala awo anapsa kapena kusokonekera, iwo n'kugwa ulesi kuwatsatira, anataya zaka zimene anagwiradi ntchito.

Za mnzawo wa ku Moatizeyo, anthu ambiri anayenda njira imeneyo. Kampani ya Vale itayamba kukumba malasha mu 2011, malipiro a kumeneko ankachititsa mphunzitsi kudziona ngati akusewera. Koma malasha amayendera mtengo wa kunja. Kampani ya Rio Tinto inalowa m'migodi ya kuno mu 2011 itawononga madola oposa mabiliyoni atatu, ndipo pofika 2014 inagulitsa zonsezo pa madola 50 miliyoni okha. Vale nayo inasiyira kampani ya Vulcan mgodi wake mu 2022. Zikamagwedezeka chonchi, oyamba kutsazikidwa ndi aja olembedwa ndi timakampani togwirira ntchito kampani yaikulu, a makontalakiti a miyezi yowerengeka. Pamenepa ndi pamene ukalamba umawonongekera. Ku INSS, bungwe la boma losunga ndalama za penshoni za antchito a makampani, kumayenera kupita 7 peresenti ya malipiro, 4 yochokera kwa bwana ndi 3 yodulidwa kwa wantchito, ndipo penshoni yathunthu ya ukalamba imafuna miyezi 240 yolipira, zaka 20 zathunthu. Munthu wogwira apa miyezi isanu ndi itatu, kukhala chaka, kugwiranso kwina, atha kukalamba atalandirapo ndalama zambiri koma miyeziyo isanakwane. Choipitsitsa n'chakuti pali mabwana ena amadula 3 peresentiyo papepala la malipiro koma osakapereka, wantchito n'kudzazindikira imvi zili mbuu.

Ndiye sindinganene kuti za migodi n'zoipa. Mwana amene masamu ndi sayansi zimamuyendera, akalowa pa Instituto Superior Politécnico de Tete n'kutuluka ali injiniya, amaima pabwino kusiyana ndi amene anangothamangira kumgodi ndi mphamvu zake zokha. Koma wanuyu wanena yekha kuti akufuna uphunzitsi, ndipo ine ndimaopa kwambiri mwana wokankhidwira kumaphunziro amene sakuwafuna. Ambiri otere amathera chaka chachiwiri, ndalama za chimanga ndi kachewere zitapita kale. Musiyeni ayese mayeso olowera kusukulu ya uphunzitsi, kaya ku IFP (Instituto de Formação de Professores) kaya ku Universidade Púnguè. Ngati mukufuna kumuonetsa khomo lina, muonetseni lapafupi: yunivesite ya UniZambeze ili ndi sukulu ya zaulimi pa Ulónguè pomwepo, moti sangafunike lendi ya mumzinda wa Tete.

Chimodzi mumuuze mosabisa. Uphunzitsi wa lero si wa nthawi ya agogo ake, pamene ntchito inkadikira munthu pakhomo. Boma limalemba aphunzitsi malinga ndi ndalama zimene lili nazo chaka chimenecho, ndipo omaliza maphunziro ena amakhala zaka akudikira malo. Malowo akapezeka, atha kukhala ku Zumbo kapena ku Mutarara, osati kuseri kwa nyumba yanu. Alole kupita. Zaka za penshoni zimayamba kuwerengedwa iye akayamba ntchito, ndipo wokana malo akutali amachedwetsa tsikulo yekha.

Palinso china chimene ndimaona mwa opuma pantchito amene zikuwayendera, ngakhale sichilembedwa pa satifiketi iliyonse. Sanadule phazi kumudzi. Anamanga kanyumba adakali pamalipiro, anasunga munda, ena anautengera DUAT, chikalata cha boma chololeza kugwiritsa ntchito malo, ndipo pamaliro ndi paukwati ankaoneka. Amene anakhala zaka zonse m'nyumba ya kampani kapena ya sukulu amabwerera kwawo ngati alendo, minda abale atagawana kale.

Pa zaka zodikirazo asangokhala. Akapeza ntchito kusukulu yoyendetsedwa ndi mpingo kapena munthu wamba, afunse nambala yake ya INSS mwezi woyamba womwewo, ndipo kamodzi pachaka azipita kuofesi kukaona ngati ndalamazo zikulowadi m'dzina lake. Akakhala kuti akuphunzitsa ana pakhonde kapena akugulitsa mbewu pamsika, lamulo limalola wodzilemba yekha ntchito kulembetsa ku INSS n'kumalipira yekha 7 peresentiyo. Masatifiketi, makontalakiti ndi mapepala onse a malipiro aziwajambula pafoni, enieniwo muwasunge inu m'bokosi losalowa chiswe.