Akuti ndisawatchulire mabuku a Chichewa

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lizulu. Akuti akufuna kuyambiranso kuwerenga, ndiye ndiwatchulire mabuku amene ndimawakonda ndi amene ndawerenga posachedwa. Koma kumapeto awonjezera kuti: "Musanditchulire a Chichewa, amenewo tidathana nawo kusekondale."

Achemwali anga, funso lanu ndalilandira ndi manja awiri, koma mawu omalizawo andilasa mtima. Ndakhala masiku anayi osayankha kuti mtima uyambe watsika.

Ine ndidakulira kufupi ndi Mlanda, dera lanu lomwelo, choncho chisanu cha mu Juni simufuna kuti ndikufotokozereni. M'nyumba mwathu mudali mabuku atatu basi, ndipo ankakhala m'sutikesi yachitsulo ya bambo pansi pa bedi: Buku Lopatulika, buku la nyimbo, ndi Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe. Lachitatuli lidalibe chikuto, amayi adachita kulisoka ndi ulusi wakuda. Agogo anga aakazi sankadziwa kuwerenga. Madzulo tikadya, tikuwotha moto wa zitsononkho m'khitchini, ankati, "Iwe, tatenga kabuku kaja." Ine n'kuyandikiza koloboyi, utsi uli m'maso, n'kuyamba. Ndikafika paja mbalame ikuulula kuti Gwenembe wapha m'bale wake, agogo ankandilanda nkhani pakamwa n'kuyamba kuyimba okha, ife n'kumavomera. Nthanoyo iwo adayimva kwa amayi awo, bukulo lisanalembedwe n'komwe. Ndikawerenga mothamanga ankandigwira bondo, amvekere, "Munthu salankhula choncho, bwereza." Kuwerenga ndidaphunzira kusukulu, koma kumva zimene ndikuwerenga adandiphunzitsa ndi mayi amene sadagwirepo pensulo.

Buku limenelo ndidalitaya ndili Fomu 2. Ndidabwereka mnzanga wina pa holide, ndipo nditapita kukalitenga ndidapeza theka la masamba ake amalume ake atapichira fodya. Sadachite mwankhanza ayi, kwa iwo lidali pepala lofewa bwino. Ndidabwerera kunyumba ndi zotsalazo m'thumba, ndipo agogo sindidawauze mpaka adatisiya. Mpaka lero ndikaona munthu akukulungira zitumbuwa m'tsamba la buku, ndimayamba ndawerenga tsambalo.

Ndiye mukanena kuti mudathana nawo kusekondale, ndikumvetsa kumene mawuwo achokera, ndipo mlandu si wanu. Tidawasandutsa mabuku athu kukhala mankhwala a mayeso. Mwana amaloweza mayina a ampangankhani, malo ndi nthawi, mfundo zazikulu zisanu, akalemba MSCE n'kutaya zonse ngati makoko a nzimbe. Palibe amene adamuuza kuti bukulo adalilembera munthu wamkulu amene waikapo maliro, wakongolapo ndalama, wakanganapo ndi apongozi. Ndipo tinene chilungamo, pali kamtima kena mwa ife kakuti munthu akanyamula buku la Chingerezi m'minibasi ndiye wophunzira, akanyamula la Chichewa ndiye akubwereza kalasi. Kamtima kameneko ndimadana nako. Ndi komwe kachititsa kuti ukalowa m'sitolo ya mabuku upeze mashelefu odzaza ndi mabuku a silabasi ndi aja olonjeza kulemera msanga, pamene mabuku a nthano zathu uchite kufunsa, wogulitsa n'kumakuyang'ana modabwa. Osindikiza sangabwereze kusindikiza chinthu chimene ife eni ake tikuchita nacho manyazi.

Mwezi watha ndawerenganso Nthondo, buku la Samuel Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, lomwe lidatuluka mu 1933. Lidapambana mpikisano wa mabuku olembedwa m'zilankhulo za mu Africa, ndipo chaka chotsatira Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Taganizirani, azungu adaona kuti n'lofunika kulimasulira zaka zoposa 90 zapitazo, ife lero tikuti n'la ana. Limatsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa, kupulupudza kwake, mpaka kukhala mfumu ndi kulowa Chikhristu. Kope limene ndidabwereka kwa mphunzitsi wina wopuma n'la kalembedwe kakale, kolemba "cifukwa" popanda h. Masamba awiri oyamba diso limapunthwa, kenako umaiwala. Ndili wamng'ono ndinkangothamangira kuti zithera pati. Ulendo uno ndimaima pa milandu ya pabwalo ndi malankhulidwe a akuluakulu, ndipo ndimamva mawu amene ndidawamva komaliza pakamwa pa agogo.

Za foni sindinenapo zambiri. Anthu amati Facebook ndi WhatsApp zapha kuwerenga, koma ife tidasiya kugula mabuku mafoni asanafike. Ndipo kuno kwathu tilibe chowiringula, E. J. Chadza, mlembi wa Kokha Mcheperawakalulu ndi ndakatulo zija za mu Ntchito ya Pakamwa, adali mwana wa m'boma la Dedza. Funsani achinyamata khumi pa Chimbiya kapena pa Tsangano ngati dzinali akulidziwa.

Tsono muwerenge chiyani?

Yambani ndi Sikusinja ndi Gwenembe, n'lalifupi, ndipo muwerenge mokweza, ana ali pomwepo. Kenako Kukula ndi Mwambo la Gwengwe yemweyo, makamaka ngati mukulera. Mukafuna nkhani za moyo wapafupi ndi wathu, fufuzani Njala Bwana ndi Madzi Akatayika a Willie Zingani, kapena Ikakuona Litsiro Sikata la Jolly Max Ntaba. Nthondo mulisungire nthawi imene mtima uli m'malo.

A Chingerezi sindikukumanani. I Will Try la Legson Kayira, la mu 1965, ndi nkhani yake yeniyeni ya mmene adayendera wapansi kuchoka kumpoto kwa dziko lino mpaka ku Sudan pofunafuna maphunziro ku America. The Boy Who Harnessed the Wind, la mu 2009, likusimba za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene adasiya sukulu chifukwa cha fizi n'kupanga makina amagetsi oyendera mphepo atawerenga buku la m'kalaibulale ka pasukulu. Onse awiri Chingerezi chake n'chosavuta.

Kopeza mabuku akalewa ndiye povuta. Yesani m'masitolo a mabuku mukapita ku Lilongwe, muonenso kwa aja amayala mabuku akale pansi m'mbali mwa msewu. Koma njira imene yandithandiza ine kwambiri ndi kugogoda kwa aphunzitsi opuma ntchito, ambiri ali nawo m'makatoni. Akakubwerekani mulikutire ndi pepala lolimba, ndipo mukabweze tsiku limene mwalonjeza.