Usanafunse za nyenyezi yako, thambo unaliyang'ana liti?

Mdzukulu wanga, uthenga wako ndauona. Ukuti kuyunivesiteko akupatsa ntchito yofufuza mbiri ya kupenda nyenyezi m'mitundu yosiyanasiyana ya anthu, ndipo anzako akukuseka kuti wayamba kuphunzira zamaula. Ukufunanso ndikuuze ngati zimene foni yako imakulosera m'mawa uliwonse, potengera mwezi umene unabadwa, zili zoona. Mtima m'malo. Kufufuza mbiri ya chinthu si kuchigwadira ayi, ndipo akatswiri olemekezeka ngati Otto Neugebauer ndi David Pingree anathera zaka zawo pa zolemba zomwezi, enanso akuwanyogodola chimodzimodzi. Koma funso lako lapita chammbali. Ukanandifunsa kuti anthu akalewo ankatha bwanji kukhala panja usiku ndi usiku, mibadwo ndi mibadwo, maso ali kumwamba.

Ku Babulo kunali alembi amene ntchito yawo inali imeneyo. Ankalemba pamapale adongo, ndipo phale lakale kwambiri la zolemba zawo za tsiku ndi tsiku ndi la 652 BC, ndipo mapale ena amafika mpaka 61 BC. Werenga wekha zakazo. Ankalemba pamene mwezi waonekera, pamene pulaneti yakuti yaima, mmene mphepo yaombera, mmene madzi a mtsinje wa Firate akwerera, ngakhale mtengo wa balere pamsika. Chimene ine chimandigwira mtima n'chakuti kukakhala mitambo, mlembi ankangolemba kuti kunali mitambo, sanaone kanthu. Sankapeka. Munthu ankayamba ntchitoyo ali mnyamata, n'kufa ali nkhalamba, wina n'kupitiriza pamene iye wasiyira, osadziwa kuti phindu lake adzaliona ndani. Lero akatswiri amatenga kadamsana amene analembedwa pamapale amenewo n'kuwerengera mmene dziko lakhala likuchepetsera liwiro la kuzungulira kwake. Nyenyezi ya mchira ya Halley anaipezanso mmenemo, yolembedwa mu 164 BC.

Usaganize kuti ndikuwayeretsa. Anali ndi mantha awo, ena oopsa. Ku Asuri, m'masiku a mfumu Esarhaddon, kadamsana akaoneka ngati akulosera imfa ya mfumu, ankatenga munthu wina n'kumukhazika pampando wachifumu kwa masiku angapo, kenako n'kumupha kuti tsokalo lipite naye. Zimenezo n'zoipa, ndipo m'kafukufuku wakoyo usazibise. Koma taona, nthawi imeneyo thambo ankalifunsa za mfumu, za nkhondo, za mvula ndi zokolola. Zoti munthu wamba afunse za tsogolo lake yekha zinabwera mochedwa. Phale lakale kwambiri lopenda kubadwa kwa mwana ndi la 410 BC. Inu a lero mwatola kachidutswa kameneka kokha, kakuti "ine, ine", zina zonse mwataya.

Ife tili ana, mdima ukagwa kunalibe choyang'ana china. Agogo anga aamuna ankatikhazika panja, osalankhula zambiri, n'kumangoloza. Ankafuna kuti uone wekha kuti nyenyezi imene dzulo inali pamwamba pa mtengo uja lero yasendera pang'ono. Ukafulumira kuyankha ankangoti, "Yang'ananso mawa." Ndimakumbukira usiku wina atatidzutsa tonse pakati pa tulo, ife tikunjenjemera ndi chisanu, kuti tione mwezi ukufiira. Sanatilosere kanthu. Anangofuna kuti tisadzanene kuti tinamva kwa ena. Mwezi ukakhala, mwana aliyense ankadziwa, ndipo Nthanda ikatuluka palibe ankafunsa kuti kwatsala nthawi yaitali bwanji kuti kuche. Iweyo ndikakufunsa panopa kuti mwezi uli pati usiku uno, ugwira foni, si choncho? Sindikukudzudzula wekha. Magetsi nawo atilanda thambo. Kafukufuku wina wa mu 2016 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse padziko sathanso kuona Mlalang'amba kumene amakhala.

Za mmene nzeruzi zinayendera aphunzitsi ako akuuza bwino kuposa ine. Magawo 12 a thambo, amene openda nyenyezi amagawira anthu potengera mwezi umene anabadwa, anayambira ku Babulo, Agiriki a ku Iguputo anawatenga n'kuwonjezera zawo, katswiri wa nyenyezi Ptolemy anazisanja m'buku ku Alexandria m'zaka za m'ma 100 AD, zina zinakafika ku India n'kukasakanikirana ndi za eni dziko. Mzinda wa Baghdad pouyamba mu 762 anayamba afunsa openda nyenyezi tsiku loyenera. Ngakhale Kepler, amene anatulukira mmene mapulaneti amayendera, ankapendera anthu olemera kuti apezeko ndalama. Koma ine ndimabwerera kwa oyang'ana aja. Ku China, alembi a mfumu anaona nyenyezi yachilendo mu 1054, yowala mpaka kuoneka masana kwa masiku 23, ndipo anailemba. Zotsalira zake akatswiri akuziona mpaka lero. Amaya, mtundu wa anthu a ku America kutsidya kwa nyanja, osadziwana n'komwe ndi Babulo, anapeza kuti Nthanda imabwerera pamalo pake pakatha masiku 584. Nambala yotere munthu saipeza atagona.

Tsono za foni yakoyo. Magawo amene amakuuzawo anawaika zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo kuchokera nthawiyo thambo lasuntha pafupifupi gawo lathunthu. Ambiri amene amadzitcha a gawo la Aries, tsiku limene ankabadwa dzuwa linali m'nyenyezi za gawo loyandikana nalo la Pisces. Mu 1985 magazini ya sayansi ya Nature inafalitsa zotsatira za kuyesa openda nyenyezi mosamala, ndipo sanachite bwino kuposa munthu wongolota. Ukamawerenga zoterozo pofuna kuseka ndi anzako, ine ndilibe nawe mlandu. Koma zoti usiye mnzako wabwino kapena uope ulendo chifukwa cha mawu amene akutumizidwa kwa anthu miyandamiyanda nthawi imodzi, ayi mwana wanga, sitinakulere choncho.

Chimene ndikukupempha n'chochepa. Usanalembe tsamba loyamba la kafukufuku wakoyo, gula kabuku. Kwa mwezi wathunthu uzituluka panja nthawi yofanana, pamalo amodzimodzi, foni uisiye m'nyumba. Uzilemba pamene pali mwezi, kukula kwake, ndi nyenyezi yowala imene ili pafupi nawo. Masiku oyamba udzatopa, khosi lidzauma, ndipo udzaona ngati palibe chikusintha. Pirira. Utengenso mng'ono wako, ngakhale adandaule. Ukadzabwera kudzandiona kabukuko usadzakaiwale, ndikufuna ndidzaone ngati masiku a mitambo unawalemba moona.