Kodi "kamisama" ndi Mulungu kapena chiwanda?

Mayi wina wandilembera kuti mwana wake amakonda makatuni a ku Japan, ndipo mawu oti "kamisama" samachoka pakamwa. Akufuna kudziwa ngati mwanayo akutchula Mulungu kapena ziwanda.

Mayi, mwandikanda pachilonda. Ine ndinaleredwa ndi agogo amene mvula ikachedwa ankatapa ufa m'lichero, n'kukathira pansi pa mtengo wa mpoza akuitana Chauta ndi makolo. Lamulungu amavala duku loyera, ulendo wa kutchalitchi. Aphunzitsi a Sande sukulu anatiuza kuti zimenezo n'zamafano. Nditakawauza, agogo anangopitiriza kusenda mtedza, amvekere, "Mvula ikagwa, aphunzitsi akowo sadya nsima?" Kuyambira pamenepo ndimadana ndi chizolowezi chothamangira kutcha chiwanda chilichonse chimene sitikuchimvetsa. Ndi ulesi basi.

Mu "kamisama" muli mawu awiri, "kami" ndi "sama". M'chipembedzo cha makolo cha ku Japan, kami si Namalenga mmodzi wokhala kumwamba ayi. Katswiri wa ku Japan Motoori Norinaga, amene anamwalira mu 1801, anafotokoza kuti chilichonse chodabwitsa ndi chochititsa nthumanzi ndi kami: phiri, nyanja, nkhandwe, ngakhale munthu. Amati "yaoyorozu no kami", akami 8 miliyoni, kutanthauza osawerengeka. Amaterasu, wa dzuwa, ali ndi kachisi ku Ise.

Amene amandisangalatsa ine ndi Sugawara no Michizane, nduna imene anainenera miseche mpaka kuithamangitsira ku Dazaifu, komwe inafera mu 903. Mphezi itagunda nyumba yachifumu mu 930, anthu anati ndi mzimu wake wokwiya. Anamumangira kachisi, n'kumutcha Tenjin, ndipo lero ana asukulu amakamupempha kuti akhoze mayeso. Anthu a ku Nsanje amene amadziwa za Mbona wa ku Khulubvi sangadabwe nazo.

Ngakhale amishoni anazunguzika. Francis Xavier atafika ku Kagoshima mu 1549 ankalalikira akutchula Mulungu kuti Dainichi, osadziwa kuti ndi dzina la Buddha, wa chipembedzo cha Chibuda. Atazindikira anasinthira ku "Deusu", Mulungu m'Chilatini, omutsutsa n'kumaseka kuti zikumveka ngati "dai uso", bodza lalikulu.

Tsono yankho

"Sama" ndi mawu aulemu chabe. Akhristu a ku Japan nawonso amati Kamisama popemphera, a Buddha amatchedwa hotoke, ndipo chiwanda chili ndi mawu akeake, akuma. Khalani naye pansi mwanayo, muonere limodzi katuni imodzi, mumufunse kuti kami ameneyo ndi uti.