Kuchotsa chotenthetsera cha gasi n'kuikapo chitofu cha nkhuni

FUNSO: M'chipinda chathu chochezera muli chotenthetsera nyumba choyendera gasi, ndipo tikufuna kuchichotsa kuti tiikepo chitofu cha nkhuni chootherapo moto m'nyengo yozizira. Popeza chumuni chilipo kale, kodi tingangogula chitofucho n'kuchilumikiza tokha?

YANKHO: Tikupemphani kuti ntchitoyi musaigwire nokha. Paipi ya gasi iyenera kudulidwa ndi kutsekedwa ndi mmisiri wovomerezeka pa ntchito za gasi, yemwe adzayesenso ngati pali pamene pakutuluka mpweya.

Komatu nkhani yaikulu ili pa chumuni chimene mukuchidaliracho. Njira yotulutsira utsi imene inakonzedwera gasi nthawi zambiri siyenerera nkhuni, chifukwa utsi wa nkhuni umatentha kwambiri ndiponso umasiya mwaye ndi phula lakuda m'kati mwa chumuni. Phula limeneli likaunjikana limayaka, ndipo moto wa m'chumuni ukhoza kugwira denga anthu a m'nyumba asanazindikire. Choncho chumunicho chisesedwe, chiunikidwe ngati chili ndi ming'alu, ndipo ngati mmisiri waona kuti n'kofunika, alowetsemo paipi yachitsulo chosachita dzimbiri yopangidwira moto wa nkhuni. Mukayamba kusonkha moto, muzichisesa kosachepera kamodzi pachaka.

Chitofucho chikhale pamwala, pa njerwa kapena pa konkire, motalikirana ndi matabwa, makatani ndi mipando monga mmene wochipanga analembera. Chipinda chikhale ndi polowera mpweya, ndipo muikemo kachipangizo kolira kakamva mpweya wa carbon monoxide, womwe suoneka, sununkha, koma umapha munthu ali m'tulo.

Musakopeke ndi chitofu chachikulu. M'chipinda chochezera cha kukula kwapakatikati, chitofu cha mphamvu ya 5 kW (makilowati asanu, muyezo wa kutentha kumene chitofu chimatulutsa) chimakwanira nthawi zambiri, pamene chachikulu mopitirira chimakukakamizani kutseka mpweya kuti moto uchepe, ndipo moto wonyeka pang'onopang'ono ndi umene umachulutsa utsi ndi phula lija.

Ganiziraninso za nkhuni musanagule chilichonse. Mtengo wongodulidwa kumene ukhoza kukhala ndi madzi okwana theka la kulemera kwake, pamene nkhuni zoyenera chitofu siziyenera kupitirira 20 peresenti, ndipo kuti zifike pamenepo zimafunika kuwazidwa n'kusungidwa pouma, podutsa mphepo, kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Matabwa opakidwa penti kapena mankhwala musawasonkhe. Ngati m'nyumbamo muli khanda kapena wodwala mphumu, kambiranani ndi dokotala musanasinthe, pakuti utsi wa nkhuni uli ndi tizidutswa tating'ono kwambiri timene timalowa mpaka m'kati mwa mapapo.