Nyumba ikagulitsidwa banja likutha, amayamba kulandira ndani?

Mayi, ndawerenga funso lanu kawiri. Mwati banja lanu la zaka 14 likutha, nyumba ya ku Area 49 ku Lilongwe yapeza wogula pa K60 miliyoni, kubanki kwatsala ngongole ya K18 miliyoni, ndipo bambowo akuti ayambe achotsapo K10 miliyoni ya katapila, kenako mugawane zotsala. Mwatinso mapepala a nyumba ali m'dzina lawo lokha. Ambiri amene akukuyankhani akungoti "musalole, akufuna kukuberani." Mwina n'zoona, koma mawu amenewo simungapite nawo kwa woweruza.

Ngongole ziwirizi sizifanana. Ya banki ija, ngati nyumba inaikidwa chikole ndipo zinalembedwa ku ofesi yolembetsa malo, musalimbane nayo. Banki ndiyo imayamba kulandira, chifukwa dzina la wogula silingalowe pa mapepala banki isanachotse dzanja lake. Kaya munasainira nawo kaya ayi, K18 miliyoniyo muiwerenge kuti yapita. Pambuyo pake pamabwera ejenti, loya, mareti a khonsolo ngati munatsalira, ndi lendi ya malo. Tingoyerekeza kuti zonsezi zadya K4 miliyoni. Ndalama yokambirana inu awiri ndi K38 miliyoni.

Wa katapila alibe chikole cholembetsedwa pa nyumbayo. Amene anamubwereka ndi amuna anu, ndiye funso lalikulu ndi lakuti ndalamazo zinapita kuti. Ngati zinalipira fizi ya ana, chipatala kapena malata a nyumba yomweyo, khoti likhoza kuiona ngati ngongole ya banja, ndipo ikhoza kukukhudzani. Koma ngati zinathera ku bizinesi yomwe simunaionepo phindu lake, ku betingi, kapena ku khomo lina (mukundimva), imeneyo ichoke pa gawo lawo. Taonani kusiyana kwake. Akachotsa kumutu, patsala K28 miliyoni, aliyense K14 miliyoni. Mukayamba mwagawana, inu K19 miliyoni, iwo K19 miliyoni, akalipira katapila wawo atsala ndi K9 miliyoni. Mawu oti "tiyambe tabweza ngongole" akumveka aulemu, koma akukudyerani K5 miliyoni. Auzeni aonetse pepala la ngongoleyo: anatenga liti, zingati, chiwongoladzanja chake n'chotani. Katapila wambiri amakula ndi chiwongoladzanja chokhachokha, ndipo lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole yomwe chiwongoladzanja chake n'chopyola muyezo.

Pamenepa ndawerengera theka ndi theka kuti masamu aphweke, koma musapite kukhoti mukuganiza kuti theka ndi lanu kale. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limati banja likatha, mkazi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri. Lamulo la maukwati la 2015, mu gawo 74, limauza khoti kugawa mwachilungamo poyang'ana zomwe aliyense amapeza, katundu ndi ngongole zake, zaka ndi thanzi lake, komanso zomwe anaikapo, kuphatikizapo ntchito zapakhomo. Choncho kuphika, kulera ana, kuyang'anira amisiri pamene bambo ali kuntchito, zonsezo zimawerengedwa. Dzina la pa pepala silitseka nkhani. Komabe woweruza amafuna umboni wakuti nyumbayo inali ya nonse, ndipo apa ndi pamene amayi ambiri amagwera. Fufuzani malisiti a simenti ndi njerwa, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba omwe munatumizira mmisiri, buku la banki m'khonde losonyeza ngongole yomwe munatenga nthawi yofolera. Mmisiri amene munkamulipira pamanja akhoza kukhala mboni. Mchemwali wanga anapulumukira kabuku kakang'ono kamene ankalembamo matumba a simenti, komwe tonse tinkamuseka nako.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri si magawidwe, koma njira yomwe ndalamayo idutse. Popeza mapepala ali m'dzina lawo, wogula adzalipira iwowo, ndipo ndalama ikalowa mu akaunti ya munthu amene akatapila akumusaka, kuitulutsanso ndi ntchito yaikulu. Mukhoza kupambana mlandu n'kutsala ndi chigamulo chokha m'manja. Ndiye sabata ino pitani ku ofesi yolembetsa malo ku Lilongwe mukafunse zoika caution (chenjezo lolembetsedwa) pa nyumbayo. Ikalembedwa, umwini susintha inu osadziwa. Ngati akuthamangitsa malondawo, loya akhoza kukupemphererani chiletso kukhoti. Ndipo muumirire kuti wogula alipire ku akaunti ya loya, banki ilandire zake kuchokera kumeneko, zotsala zidikire mgwirizano wolembedwa kapena chigamulo.

Ankhoswe musawasiye, makamaka ngati ukwati wanu unali wa chinkhoswe, chifukwa khoti limamva umboni wawo. Koma zogwirizana pa mkeka zilembedwe, nonse musaine, zikaperekedwe kukhoti kuti zisanduke lamulo. Majisitireti amathetsa ukwati wa chikhalidwe, koma mkangano wa umwini wa nyumba ya mtengo wotere umapita ku khoti lalikulu, ku nthambi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye. Ngati ndalama ya loya palibe, yambirani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu pa milandu. Za chisamaliro cha ana ndi nkhani payokha. Wina asakuuzeni kuti gawo lanu la nyumba ndilo chakudya ndi fizi ya ana.

Chinthu chimodzi chomwe mwina simuchikonda: musakanize kugulitsa mpaka kalekale chifukwa cha mkwiyo. Ngati ngongole ya banki sikulipidwa, chiwongoladzanja chikukwera mwezi ndi mwezi, ndipo banki ili ndi mphamvu yogulitsa yokha nyumba ya chikole. Ikatero imafuna kubweza zake msanga, ndipo K60 miliyoni ija mwina simungaionenso. Pemphani kalata ya banki yosonyeza ngongole yeniyeni pofika lero, musadalire K18 miliyoni ya pakamwa pa bambowo.